Kodi kubetcha motsutsana ndi akavalo ongoyamba kumene kungapindulitse?

Wa ku Chilomoni analemba:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso limene lakhala likundisowetsa mtendere kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha amene mumadziwa bwino za mipikisano ya akavalo kuti mundiunikire ndisanaikepo ndalama. Ine ndakhala ndikubetcha pa mpira kwa zaka zambiri monga momwe ambiri timachitira kuno ku Blantyre, koma chaka chatha ndinayamba kutsatira mipikisano ya akavalo ya ku South Africa, makamaka ya ku Turffontein, Vaal ndi Greyville, popeza nthawi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi, kotero kuti Loweruka masana ndimatha kuonera mpikisano uliwonse ndili pakhomo.

Chimene ndaona n'chakuti mipikisano yoyambirira ya tsiku kawirikawiri imakhala ya akavalo amene sanapambanepo, imene eni ake amaitcha maiden, ndipo m'menemo mumapezeka akavalo ena amene sanathamangepo pagulu chibadwire. Pamalo pamene amalemba zotsatira za m'mbuyo, kwa iwowa pamakhala popanda kanthu. Akavalo oterewa ndimawaona akuchedwa kutuluka m'timakola toyambira, ena akuthamanga mokhotakhota, ena akucheukira anthu, ndipo pamene akuzindikira chimene abwerera, anzawo amakhala atafika kale. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa iwo amapatsidwa ma odds (mtengo wosonyeza kuti ndalama imene waika ichulukitsidwa kangati kavalo akapambana) otsika kwambiri, ngati kuti kupambana kwawo n'kosakayikitsa, chifukwa chongoti bambo wawo anali wotchuka kapena akuchokera m'khola la mphunzitsi wodziwika.

Kwa miyezi iwiri ndakhala ndikulemba m'kope maina a akavalo achilendo amene anapatsidwa ma odds otsika, ndipo ambiri mwa iwo anagonja. Maganizo anga ndi akuti, m'malo movutika kufufuza kavalo amene apambane, ndizingobetcha kuti mlendoyo sapambana. Kodi imeneyi ndi njira yoti munthu angaidalire? Nanga ndingaichite bwanji kuno, popeza m'mashopu amene ndimapitako ku Limbe ndi m'tauni amangolola kusankha amene apambane kapena amene akhale m'gulu la oyamba kufika?

Mlembi wa ku Limbe anayankha:

Achimwene, zimene mwaonazo ndi zoona, koma ndikuona kuti kope lanu likuyankha funso limene silikupatsani ndalama. Kuti akavalo achilendo ambiri amagonja, palibe angatsutse. Komatu mu mpikisano wa akavalo 12, akavalo 11 amagonja, achilendo ndi ozolowera omwe. Ngakhale kavalo amene anthu amuikira ndalama zambiri kuposa onse amapambana pafupifupi kamodzi pa mipikisano itatu iliyonse, ndiye kuti iyenso kugonja kwake n'kochuluka kuposa kupambana. Funso loyenera ndi lakuti, kodi alendowa amagonja kawirikawiri kuposa momwe mtengo wawo ukusonyezera? Ngati sichoncho, mudzakhala mukulondola pafupifupi tsiku lililonse koma thumba likupepukirabe.

Ndifotokoze ndi manambala. Kubetcha kumene mukunenaku Azungu amati lay, ndipo kunafala pamene Betfair inatsegula msika wake ku London m'chaka cha 2000, msika umene anthu amabetcherana okhaokha, kampani n'kumangodulapo gawo lake pa phindu la wopambana. Pamsika wotere, inuyo ndi amene mumakhala ngati mwini shopu. Tiyerekeze kuti kavalo wachilendo ali pa 4.0 ndipo inu mwalandira K10,000 ya munthu amene akukhulupirira kuti kavaloyo apambana. Kavalo akagonja, K10,000 ija ndi yanu, ndipo ngati msikawo ukudula 5 pa 100 iliyonse mutsala ndi K9,500. Akapambana, mulipira K30,000. Ndiye kuti mukalondola katatu mwapeza K28,500, mukaphonya kamodzi mwataya K30,000, ndipo mwabwerera m'mbuyo ndi K1,500. Mtengo wa 4.0 umatanthauza kuti msika ukuona kuti kavaloyo angapambane kamodzi pa kanayi, kapena kuti ka 25 pa mipikisano 100. Kuti inu musaluze, akavalo anuwo ayenera kupambana kosapitirira ka 24 pa 100. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma mpamene pagona nkhani yonse, ndipo maso a munthu woonera pa kanema sangasiyanitse 24 ndi 27.

Mukapita kwa alendo a ma odds okwera, zinthu zimaoneka zokoma kwambiri, ndipo m'pamene ambiri amagwera. Kavalo wa pa 11.0 amagonja pafupifupi nthawi zonse, kotero mukhoza kudya K10,000 kasanu ndi kawiri motsatizana mpaka kuyamba kudziona ngati katswiri. Tsiku limene apambane mulipira K100,000 nthawi imodzi. Munthu wobetcha mwachizolowezi amaluza pang'onopang'ono n'kupata zambiri mwa apo ndi apo, pamene wotsutsa amapata pang'onopang'ono n'kudzaluza zambiri tsiku limodzi, ndipo mtima wa munthu suchedwa kukhulupirira njira imene ikumupatsa kangachepe tsiku ndi tsiku.

Pali chinthu china chimene chinadziwika kalekale. M'chaka cha 1949, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Richard Griffith, anasonyeza kuti obetcha amaika ndalama zopyola muyeso pa akavalo a mwayi wochepa, pamene akavalo a mwayi waukulu amawaikira zochepa poyerekeza ndi momwe amapambanira. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza khalidwe lomweli m'maiko osiyanasiyana. Tanthauzo lake kwa inu silokondweretsa: akavalo a ma odds otsika, amene inu mukufuna kuwatsutsa, ndi amene mtengo wawo kawirikawiri umakhala pafupi ndi choonadi, pamene amene mtengo wawo umalakwika mokomera wotsutsa ndi aja oika ndalama zanu zambiri pachiswe.

Za kuchita zimenezi kuno kwathu, misika yobetcherana ija ndi ya kunja, ndipo musanatumizeko ndalama muyenera kudziwa kaye ngati ikulandira anthu okhala ku Malawi komanso ngati malamulo athu a juga ndi a ndalama zakunja akulola. Bungwe la MAGLA ndi limene limapereka ziphaso kwa makampani a juga m'dziko muno, ndipo kampani imene ilibe chiphaso chawo ikakana kukulipirani, mulibe kokadandaula.

Mkulu wa ku Bangwe anayankha:

Mwana wanga wa ku Chilomoni, a mlembi akuuzani za manambala, ine ndikuuzeni za kavalo mwini wake, chifukwa ndinakhala ku Durban zaka zambiri ndipo Loweruka lambiri ndinkakhala ku Greyville, bwalo limene kumachitikira mpikisano waukulu wa Durban July mwezi wa July chaka chilichonse.

Simunaname kuti kavalo wachilendo amavutika. Chinyama cholemera pafupifupi makilogalamu 500, chimene chakhala chikuthamanga m'mamawa ndi anzake awiri kapena atatu pamalo a zii, tsiku limenelo chimakwezedwa m'galimoto, chimamva zokuzira mawu, chimaona khamu la anthu, kenako chimalowetsedwa m'kakhola kopanikiza n'kudikira kuti zitseko zitseguke ndi phokoso. Mipikisano ya akavalo a zaka ziwiri imakhala yaifupi, mamita 1,000 kapena 1,200, ndipo mamita 1,000 amatha mu mphindi imodzi yokha, kotero wochedwa potuluka alibe mpata wokonza cholakwa chake. Palinso nkhani ya msinkhu imene ambiri saidziwa. Ku South Africa akavalo onse a mpikisano amawerengedwa kuti awonjezera chaka pa 1 August, pamene ku Ulaya ndi ku America ndi pa 1 January, mosayang'ana tsiku lenileni limene anabadwa. Choncho akavalo awiri olembedwa kuti ali ndi zaka ziwiri akhoza kusiyana ndi miyezi itatu kapena inayi, ndipo pa msinkhu umenewo miyezi inayi ndi yambiri.

Mbiri nayonso ili ndi zitsanzo zokuvomerezani. Secretariat, amene ambiri amati sanaonepo kavalo womuposa, pa mpikisano wake woyamba ku Aqueduct pa 4 July 1972 anagundidwa potuluka ndipo anamaliza wachinayi, chikhalirecho ndiye anali woikiridwa ndalama zambiri. Sea The Stars anamaliza wachinayi ku Curragh mu 2008, n'kudzapambana mipikisano yake yonse yotsatira. American Pharoah anamaliza wachisanu ku Del Mar mu 2014 atasokonezeka ndi phokoso, ndipo pambuyo pake anayamba kumutseka m'makutu ndi thonje. Chitsanzo chimene chingakusangalatseni kwambiri ndi The Green Monkey, amene anagulidwa pa mtengo wa madola 16 miliyoni mu 2006: pa mpikisano wake woyamba ku Belmont mu 2007 anthu anamuunjikira ndalama chifukwa cha mtengo wakewo, iye n'kumaliza wachitatu, ndipo anathamanga katatu kokha osapambana n'kamodzi komwe.

Koma akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Frankel anapambana tsiku lake loyamba ku Newmarket mu August 2010, ndipo amene anamutsatira, Nathaniel, nayenso anali wachilendo tsiku limenelo. Frankel anathamanga mipikisano 14 n'kupambana yonse. Ku America kunali chikhulupiriro chimene chinakhala zaka zoposa 130, chakuti kavalo amene sanathamangepo ali ndi zaka ziwiri sangapambane mpikisano waukulu wa Kentucky Derby, popeza womaliza kutero anali Apollo mu 1882. Anthu ankachitenga ngati lamulo. Mu 2018 Justify, amene anayamba kuthamanga mu February chaka chomwecho, anapambana Derby, kenako mipikisano ya Preakness Stakes ndi Belmont Stakes. Ku England nakonso Lammtarra anapambana Epsom Derby mu 1995 uli mpikisano wake wachiwiri wokha.

Sindikunena izi kuti tiziwerengetsana zitsanzo, chifukwa aliyense akhoza kutola zomukomera. Mfundo yanga ndi iyi. Kavalo amene wathamanga kakhumi, inu muli ku Chilomoni ndi mphunzitsi wake ali ku Summerveld, malo ophunzitsira akavalo kufupi ndi Durban, mukuwerenga pepala limodzi, ndipo kusiyana kwa zimene mukudziwa sikwakukulu kwenikweni. Kavalo amene sanathamangepo, inu simukudziwa kanthu kupatula dzina la bambo wake ndi mayi wake, pamene mphunzitsi, wokwera amene amamuyesa m'mamawa, ndi anyamata a m'khola akudziwa ngati amasiya m'mbuyo akavalo opambana kale kapena ayi. Mukaona mlendo akutsika mtengo kuchoka pa 8.0 kufika pa 3.0 patatsala mphindi zochepa, musafulumire kuganiza kuti anthu atengeka ndi dzina. Nthawi zina ndi dzina ndithu, koma nthawi zina ndi ndalama za amene anamuona m'bandakucha, ndipo pa kanema zonse ziwiri zimaoneka mofanana. Mwa mipikisano yonse ya tsiku, mwasankha kulimbana ndi msika pa umene inu mukudziwa zochepa kuposa wina aliyense.

Komanso musaiwale kuyang'ana amene akupikisana naye. Mu maiden, akavalo ozolowera aja ndi amene athamanga kale n'kulephera, ena kasanu, ena kakhumi. Kavalo amene wamaliza wachiwiri tsiku lake loyamba ndi woopsa pa ulendo wachiwiri, chifukwa waphunzira. Koma amene wagonja kakhumi waonetsa kale malire ake, ndipo mlendo wamphamvu pang'ono akhoza kumupitirira ngakhale atachedwa potuluka.

Wa ku Chilomoni anayankha:

Zikomo kwambiri a mlembi ndi inu bambo a ku Bangwe. Ndavomereza kuti m'kope langa ndinkangolemba kuti wapambana kapena wagonja, osalemba mtengo umene kavaloyo anali nawo ponyamuka, ndiye sindingadziwe ngati ndikanapindula. Komabe ndikufuna kufunsa za njira ina imene mnzanga wa ku Ndirande anandiuza. Iye akuti popeza kuno tilibe msika wobetcherana, munthu akhoza kungogula matikiti a akavalo ena onse kusiya mlendoyo, n'kugawa ndalama mwanzeru kuti aliyense amene angapambane abweze zofanana. Kodi zimenezi sizifanana ndi kutsutsa kuja?

Mayi wa ku Namiwawa anayankha:

Achimwene, ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo ndikupemphani kuti njira ya mnzanuyo muiyese papepala musanaiyese ndi Mpamba kapena Airtel Money. Zotsatira zake zimafanana ndi kutsutsa, koma mtengo wake ndi wina.

Tiyerekeze mpikisano wa akavalo anayi okha kuti masamu asavute. Mlendo ali pa 2.0, wina pa 4.0, awiri otsala pa 5.0 aliyense. Mukagawa 100 ndi mtengo uliwonse mupeza 50, 25, 20 ndi 20, ndipo zonse pamodzi ndi 115, osati 100. Zoonjezera 15 zija ndiye phindu la kampani, ndipo zimabisika m'mtengo wa kavalo aliyense. Tsopano kuti mulandire K100,000 aliyense mwa atatu aja akapambana, muyenera kuika K25,000, K20,000 ndi K20,000, zonse K65,000. Mlendo akagonja mwapindula K35,000, akapambana mwataya K65,000. Pamsika wobetcherana, kutsutsa kavalo wa pa 2.0 kukanakhala kuika K65,000 pachiswe kuti mupeze pafupifupi K65,000 yomweyo. Apa mwaika zomwezo kuti mupeze zongopitirira theka, chifukwa phindu la kampani mwalilipira katatu, pa tikiti iliyonse. Kuti musaluze, alendo a pa 2.0 ayenera kupambana kosakwana ka 35 pa 100, pamene mtengo wawo, tikachotsa gawo la kampani, ukusonyeza pafupifupi ka 43. Msika umalakwitsa inde, koma kuti uzilakwitsa mochuluka chonchi mlungu ndi mlungu, pa akavalo amene aliyense akuona kuti ndi achilendo, n'zovuta kukhulupirira. Akavalo akakhala 12 kapena 14, monga zimakhalira m'mipikisano yambiri ya maiden, zoonjezera zija kawirikawiri zimakula, ndipo apa sindinawerengere msonkho umene umadulidwa pa zopambana, umene udzadya pa K35,000 yomwe ija.

Za kope lanu, miyezi iwiri ndi yochepa kwambiri. Pa akavalo makumi awiri kapena atatu, mwayi wokha ukhoza kupangitsa njira yoluza kuoneka yabwino, chimodzimodzi timu yongolowa kumene mu ligi ikagonjetsa Bullets kapena Wanderers kamodzi, sitinena kuti itenga chikho. Ngati mukufunadi kudziwa, lembani malamulo anu kaye musanayambe: kavalo wotani, bwalo liti, mtengo wochokera pati kufika pati. Kenako muzilemba dzina ndi mtengo mpikisano usanayambe, osati utatha, chifukwa ukatha mtima umapeza chifukwa chochotsera amene wapambana, kuti uyu ndiye sindikanamutsutsa. Muchite zimenezi kwa nyengo yonse, akavalo afike mazana angapo, osaikapo ngakhale tambala. Ndaona anthu ambiri akulephera pa gawo limeneli, osati chifukwa masamu ndi ovuta, koma chifukwa kulemba popanda kubetcha sikupatsa chisangalalo chimene iwo kwenikweni akufuna, ndipo munthu akazindikira zimenezo za iye mwini ayenera kudziikira malire a ndalama za mwezi n'kuziwerengera ngati zosangalalira, osati ngati mpamba wa geni.

Mkulu wa ku Bangwe anayankhanso:

Mayi anena zoona, ndipo ndingoonjezera pa kope limene akuuzanilo. Musamangolemba kuti mlendo, chifukwa alendo sali amodzi. Muike mzere wa dzina la mphunzitsi, popeza alipo ena amene amakonzekeretsa kavalo kuti apambane tsiku loyamba lomwelo, ndipo alipo ena amene tsiku loyamba amangofuna kuti aphunzire, osamukakamiza. Makola akuluakulu ngati a Mike de Kock, Justin Snaith ndi Sean Tarry amatulutsa alendo ambiri chaka chilichonse, kotero sipatenga nthawi kuti muone khalidwe la khola lililonse ndi maso anu. Mukaona khola limodzi lalowetsa alendo awiri, muone amene wakwerapo wokwera wawo wamkulu. Muike mzere wina wa mtengo wa m'mawa ndi wa ponyamuka, kuti muzisiyanitsa amene akutsika ndi amene akukwera, ndi wina wosonyeza ngati m'mpikisanomo muli kavalo amene anamaliza wachiwiri kapena wachitatu posachedwa pa mtunda womwewo.

Nyengo yatsopano ku South Africa imayamba pa 1 August, koma akavalo a zaka ziwiri amayamba kuoneka chakumapeto kwa chaka n'kuchuluka pambuyo pa January, ndiye mukayamba kulemba pamenepo mpaka July mudzakhala ndi akavalo okwanira. Mudzabwere nalo kopelo pano, ndipo a mlembi ndi mayi a ku Namiwawa adzakuthandizeni kuwerengera kuti mukanatsala ndi zingati mukanaika K10,000 pa aliyense.